Kukhazika Mtima Pansi, ndi Funso la Mwini Mtimawo

Aliyense amene anaimapo madzulo pa mlatho wa msewu pano pa Kafue, dzuwa likupendekera ku madambo a Aila ndi Atonga, malole ochokera ku Chirundu ndi ku Livingstone akugwedeza mlathowo pansi pa mapazi ake, anaonapo msodzi atakhala m'bwato mwake pafupi ndi bango, nkhafi ataigoneka, chingwe cha mbedza chili m'dzanja, osacheuka ngakhale galimoto ilize hutala motani. Munthu wotere sali m'tulo, pakuti nsomba ikangokhudza nyambo dzanja lake limadziwa nthawi yomweyo. Ndiponso sakulimbana ndi kanthu, pakuti phokoso ndi phuma zikanabalalitsa nsombazo. Ali chete, koma ali maso. Makolo athu anauona mkhalidwe umenewu kalekale, nausunga m'mwambi uja woti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndayamba ndi msodzi chifukwa cha nkhani imene inabuka pakhomo pathu nyengo yachisanu yapitayi, muphwa wanga wamkazi, amene akuphunzira unamwino ku Lusaka, atabwera kutchuthi. M'mamawa, mbaula isanakolezedwe, agogo ake anam'peza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, msana ataongola, maso atatsinzina, foni ili pambali ikulankhula motsitsa mawu m'Chingerezi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo pamene anaphenyula anamufunsa kuti, "Mdzukulu wanga, kodi ukupemphera kwa yani, popeza dzina la Mulungu sindinalimve?" Mwanayo anayankha mwaulemu kuti, "Sindikupemphera ayi, agogo, ndikungomvetsera mpweya wanga. Anatiuza kuti zimathandiza maganizo akachuluka." Agogowo sanakhutire, nati, "Nanga ukamamvetsera mpweya wako, womvetserayo ndani, ndipo wopumayo ndani?" Anafunsa ndi nkhawa, poopa mizimu yachilendo, koma mosadziwa anaponda pa funso lenilenilo limene anzeru a ku India, a ku Ulaya ndi a kuno kwathu akhala akulitembenuza mibadwomibadwo, ndipo ine kuyambira tsiku lomwelo funsoli silinandichoke.

Chimene mwanayo anali kuchita Angerezi amachitcha mindfulness, ndipo dzinali lili ndi mbiri yake. Zaka zoposa 2,400 zapitazo, kumpoto kwa India, kunali mphunzitsi dzina lake Siddhattha Gotama, amene omutsata anamutcha Buddha, ndiko kunena kuti Wogalamuka. M'mabuku akale a chiphunzitso chake, olembedwa m'chiyankhulo cha Pali, muli liwu lakuti sati, limene tanthauzo lake loyamba ndi kukumbukira. Ndipo anali T. W. Rhys Davids, Mngerezi amene anagwirapo ntchito ya boma ku Ceylon, amene mu 1881 analimasulira ndi liwu lija likumveka lero pa mafoni. Kukumbukira kumeneku sikuloza zadzulo kapena zadzana, koma kusaiwala pamene uli ndi chimene ukuchita, monga mayi wosenza ndowa ya madzi kuchokera kumpopi, amene acheza ndi anzake panjira, naseka, nayankha moni, koma khosi lake silinaiwale ndowayo ngakhale kamphindi. M'chiyankhulo chathu mawu awiri akaphatikizidwa amafikapo ndithu: kukhazika mtima pansi, ndi kukhala tcheru. Loyamba lokha lingathe kutsetserekera ku tulo, lachiwiri lokha lingathe kusanduka mantha a mlonda wausiku. Koma akakwatirana, ndiye msodzi uja.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza, ngakhale kuli kovuta kukwaniritsa. Munthu akhala pansi, nasankha chinthu chimodzi choyang'anira, kawirikawiri mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, kapena kukwera ndi kutsika kwa mimba. Posakhalitsa mtima uthawa, upita ku ngongole ya ufa, ku malipiro a sukulu, ku mawu opweteka amene mnansi ananena pa maliro chaka chatha. Ndipo akazindikira kuti wathawa, aubweza mofatsa, osaukalipira, monga mbusa abweza mwanawang'ombe wopatuka. Ntchito yonse ili pa kuzindikirako ndi kubwezako. Chiphunzitso chakale chotchedwa Satipatthana chimatchula malo anayi oyang'anira: thupi, kumva kukoma kapena kuwawa, mkhalidwe wa mtima pa nthawiyo, ndi zinthu zobukamo, monga chilakolako, udani, ulesi, kusakhazikika ndi chikayiko. Ine nditayesa koyamba, poganiza kuti ndine munthu wodekha, sindinafike pa mpweya wachisanu ndisanapezeke ndili ku msika ndikutsutsana ndi wogulitsa makala. Ndipo ndinachita manyazi kuona kuti mtima umene ndinkauyesa wanga sunandimvere ngakhale mphindi imodzi. Pambuyo pake ndinadziwa kuti nthendayi n'njofala. Mu 2010 akatswiri awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafunsa anthu 2,250 kudzera pa mafoni awo, pa nthawi zosayembekezereka, chimene anali kuchita ndi chimene anali kuganiza. Napeza kuti pafupifupi theka la nthawi maganizo anali kwina, ndi kuti pamene anali kwinako anthuwo anali osakondwa kwenikweni.

Ulendo wa mwambowu kuchoka ku nyumba za amonke kufika pa foni ya muphwa wanga ndiufotokoza mwachidule. Ku Burma, dziko lili m'manja mwa Angerezi, amonke monga Ledi Sayadaw, ndipo pambuyo pake Mahasi Sayadaw, anayamba kuphunzitsa anthu wamba zimene kale zinkasungidwa makamaka ndi odzipatula. Kenaka S. N. Goenka anafalitsa maphunziro a masiku khumi okhala chete, amene lero akuchitika m'maiko ambiri. Ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn, pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America, anauvula mwambowo mikanjo ya chipembedzo, naukonza kukhala maphunziro a masabata asanu ndi atatu a odwala amene ululu wawo madokotala analephera kuuthetsa. Ena atatu, Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, anausakaniza ndi uphungu kuti athandize anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwererabwerera. Mu 2014 akatswiri a ku Johns Hopkins anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 47, napeza kuti kusinkhasinkha kotereku kumachepetsako nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, koma pamlingo wapakati, ndipo sanapeze umboni woti kumaposa mankhwala, masewero olimbitsa thupi kapena uphungu wina. Kuno kummwera kwa Africa chipembedzo cha Buddha chilipo, ngakhale chili chochepa: kuli kachisi wamkulu wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit ku South Africa, ndiponso pafupi ndi Blantyre pali malo olerera ana amasiye a Amitofo, amene anayambitsidwa ndi mmonke wa ku Taiwan. Koma ambiri a ana athu sakukumana ndi mwambowu m'kachisi. Akukumana nawo pa foni, kapena m'kalasi ya zaumoyo.

Tsono tibwerere ku funso la agogo, pakuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Buddha sanaphunzitse kuyang'anira mpweya kuti magazi a munthu asathamange. Anafuna kuti munthu aone ndi maso ake chinthu chimodzi chovuta kuchilandira, chimene m'Chipali chimatchedwa anatta, ndiko kuti m'kati mwa munthu mulibe kanthu kokhazikika, kosasinthika, kamene angakaloze nati, uyu ndiye ine mwini. Ansembe a dziko lake ankaphunzitsa, monga Ahindu ambiri akhulupirirabe lero, kuti pansi pa zonse zosinthika pali atman, mwini weniweni wosafa. Iye, polankhula ndi anzake asanu m'munda wa agwape pafupi ndi Benares, anagawa munthu m'milu isanu: thupi, kumva kukoma ndi kuwawa, kuzindikira kuti ichi ndi chakuti, awa ndi mawu a uje, zofuna ndi zizolowezi zimene zimakankha munthu kuchita kanthu, ndi kudziwa kwenikweniko. Anawafunsa za mulu uliwonse ngati uli wokhalitsa, ndiponso ngati umamvera lamulo la mwini wake. Pakuti thupi likanakhala iweyo ukanaliuza kuti lisakalambe, ndipo chisoni chikanakhala chako ukanachilamula kuti chichoke. Popeza palibe mulu umene umakhalitsa kapena kumvera, anati, nkosayenera kuugwiritsitsa ngati ndiwo mwini. Ndipo kugwiritsitsa kumeneko ndiko muzu wa masautso.

Patapita zaka mazana angapo, buku lina linasimba za kukambirana kwa mmonke Nagasena ndi mfumu yachigiriki Milinda, imene inkalamulira kumpoto chakumadzulo kwa India. Mfumuyo itafika pa galeta, mmonkeyo anaifunsa ngati galeta ndi magudumu, kapena mtanda wa magudumuwo, kapena goli, kapena thabwa lokhalapo. Ndipo pamene inakana chilichonse, inavomera yokha kuti galeta ndi dzina limene timapatsa zonsezo zikalumikizana. Mlimi aliyense wa ku Chanyanya amene anaphwasulapo ngolo yake kuti akonze angamve fanizoli. Ku Ulaya nkhani yomweyi inagawa anzeru pawiri: René Descartes mu 1637 anati angakayike zonse koma sangakayike kuti wokayikayo alipo, koma David Hume wa ku Scotland mu 1739 anavomereza kuti nthawi zonse akalowa m'kati mwake kukafuna mwiniyo amangopeza kutentha kapena kuzizira, chikondi kapena chidani, osam'peza iye yekha wopanda zimenezi. Ofufuza za ubongo nawonso aponyapo mawu. Marcus Raichle mu 2001 anafotokoza zigawo za ubongo zimene zimagwira ntchito limodzi munthu akakhala osachita kanthu, pamene amadzisimbira mbiri yake, kudandaula zadzulo ndi kukonza zamawa. Ndipo mu 2011 Judson Brewer wa ku Yale anapeza kuti mwa anthu ozolowera kusinkhasinkha zigawo zimenezi zimakhala zofatsirapo. Izi n'zothandiza, koma tisazikweze kuposa msinkhu wake: makina angaonetse pamene ubongo ukusimba nkhani ya ine, koma sangaweruze ngati munthu ali ndi mzimu kapena ayi.

Ife okhala m'mbali mwa mtsinje uno tili ndi mphunzitsi pakhomo. Madzi amene akudutsa pansi pa mlatho wa njanji, umene unamangidwa mu 1906, anagwa ngati mvula kutali kumpoto, kufupi ndi malire a Congo; anadutsa m'dera la migodi, nasungidwa pa damu la Itezhi-Tezhi, nayenda mwaulesi m'madambo aja; ena akokedwa ndi mapampu a ku Iolanda kukamwedwa ku Lusaka, ena atsikira m'chigwa kukazunguza makina a magetsi, nathera mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Palibe dontho limodzi limene ungalitunge m'chikho nunena kuti Kafue ndi uyu. Komabe mtsinjewo ulipo ndithu, umadyetsa mabanja, umamiza osasamala, ndipo uli ndi khwawa lake limene madzi saiwala. Apa ndipo ambiri amalakwira chiphunzitso cha Buddha, poyesa kuti ananena kuti munthu kulibe, kapena kuti palibe woyankha mlandu. Mabuku omwewo amasimba kuti pamene woyendayenda wina, Vacchagotta, anamufunsa mwachindunji ngati mwini alipo kapena palibe, iye anangokhala chete, poopa kuti yankho lililonse likanamusokeretsa wofunsayo. Chimene anakana ndi mwala wobisika pansi pa madzi. Mtsinje, ndi khwawa limene zochita za munthu zimakumba tsiku ndi tsiku, sanazikane.

Pamene ndinali kuwerenga zimenezi ndinayamba kumvetsera chiyankhulo chathu ndi khutu latsopano, ndipo ndinadabwa kuona kuti makolo anasiyamo nzeru imene ena amailipirira ndalama. Ife sitinena kuti munthu ndiye mkwiyo wake; timati mkwiyo wamugwira. Timati tulo tandigwira, mantha andigwira, chisoni chandigwira, njala yandipweteka, maganizo andichulukira, ngati kuti zonsezi ndi alendo ofika pakhomo; ndipo mlendo, anatero akale, ndi mame, sachedwa kukamuka. Za mtima timalankhula ngati za mnzathu wokhala naye nyumba imodzi: mtima wanga ukukana, mtima wanga uli m'mwamba, ndili ndi mitima iwiri, ugwire mtima, ukhazike mtima pansi. Wogwirayo ndani, ndipo wogwiridwayo ndani? Ndilo funso lija la agogo, ndipo lakhala lili m'kamwa mwathu chibadwire. Wophunzitsa kusinkhasinkha akamauza wodwala kuti asanene kuti ndine wolephera, koma aone kuti ganizo la kulephera labwera, akumuphunzitsa chimene mwana wa ku Katete kapena ku Dedza amayamwira m'bere. Kungoti ife tinazolowera mawuwo mpaka tinaleka kumva chimene akunena.

Koma sindifuna kunamiza owerenga kuti makolo athu ndi Buddha ananena chimodzimodzi. Akale athu sanakayike konse kuti munthu akamwalira mzimu wake ukhalapobe, umabwera kutulo, umakondwa ukakumbukiridwa, umadandaula ukaiwalika. Edwin Smith, mmishonale wa mpingo womwewo wa Primitive Methodist umene unatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi pano pa Kafue mu 1918, analemba pamodzi ndi Andrew Dale buku lalikulu la Aila, lotuluka mu 1920, m'mene anafotokoza chikhulupiriro chawo choti kholo limabadwanso mwa mwana wa m'banjamo. Kwa Achewa mwana amapatsidwa dzina la agogo ake, ndipo azakhali ake enieni amamutcha amayi kapena atate, osati mwanthabwala. Ndipo wolowa ufumu amalowa dzina, kotero kuti Kalonga Gawa Undi kapena Nkomeshya ndi dzina limodzi limene anthu ambiri alisenza motsatana, abale a woyamba nakhala abale a wotsatira. Poyang'anitsitsa, munthu wa makolo athu sanali mwala wokhala pawokha. Analinso wolumikizika, monga ngolo ija, koma zolumikizikazo zinali anthu: amayi ndi atsibweni, amoyo ndi akufa, mfunda ndi mudzi. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ichi ndicho timachitcha umunthu, chimene munthu sabadwa nacho chathunthu koma amakula nacho, ndipo angathe kuchitaya, pakuti za wankhanza timati uja si munthu. John Mbiti wa ku Kenya anachifotokoza mu 1969, Augustine Musopole wa ku Malawi anachilemba mwakuya, ndipo Kenneth Kaunda anayesa kumangapo boma pamene analengeza Humanism mu 1967.

Kuweruza kwanga ndi uku. Mmonke wa ku India anayang'ana m'kati, napeza kuti mulibe mwini wokhala yekha. Nkhalamba ya ku Africa inayang'ana pabwalo, nipeza kuti munthu sakwanira payekha. Ndipo njira ziwirizi, ngakhale sizithera pamodzi, zimadutsana pa mphambano imodzi. Pakuti pamene ndakhala chete ndikuyang'anira zobuka mumtima, sindipezamo chipinda chopanda kanthu, ndimapezamo mudzi. Liwu limene limandidzudzula ndikalakwa lili ndi kalankhulidwe ka malemu atate. Mantha anga a ngongole ndinawatengera kwa amayi m'chaka cha njala. Nyimbo imene imadziimba yokha m'mutu ndinaiphunzira ku sukulu ya Sande. Ngakhale mawu amene ndikuganizira nawo sindinawapange ine, ndinawapeza. Wofuna kudzidziwa yekha akakumba mokwanira amatulukira kwa anzake. Chifukwa chake ndimaona kuti mwambowu ukaphunzitsidwa ngati njira yodzitchingira mpanda, kuti munthu asasautsidwenso ndi abale ndi mavuto awo, wataya mutu wake. Koma ukathandiza munthu kumasula dzanja pa kudzikonda, kudzimva ndi kusunga mangawa, uli pa ubale ndi umunthu.

Tauni yathu ino inaphunzira mowawa chimene chimachitika munthu akamangirira dzina lake lonse pa chinthu chimodzi. Kafue anakula ndi mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga fetereza mu 1970, fakitale ya nsalu, ndi zina; nyumba za ku Estates zinamangidwira antchito, ndipo munthu ankadziwika ndi geti limene ankalowa m'mawa. Chuma chitatembenuka m'zaka za m'ma 1990, ambiri anachotsedwa ntchito, makina ena nazima. Ndimakumbuka bambo wina wachikulire, mnansi wathu, amene anagwira pa fakitale ina zaka zoposa makumi awiri; atachotsedwa anapitirizabe kusita ovolosi yake Lamlungu lililonse madzulo, naipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ukamupatsa moni ankangoti, "Ndinatha ine." Anaonda, tulo tinamuthawa, akazi ake nati maganizo amupha. Chimene chinamudzutsa sichinali foni: anapeza kadimba m'mbali mwa mtsinje, nayamba kukhala yekha m'mamawa pakati pa mizere ya repu ndi tomato asanayambe kuthirira, ndipo madzulo ankakhala ndi amuna anzake a mumpingo. Patapita zaka anandiuza kuti, "Mphwanga, ndinakhala chete mpaka ndinaona kuti ntchito ija inali malaya, silinali khungu." Sanamvepo za Nagasena, koma anaphwasula ngolo yake yekha, napeza kuti gudumu limodzi likachoka zotsalazo zikhoza kulumikizidwa mwatsopano, ndipo sanachite zimenezi payekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nkhawa ya agogo ija iyenera kuyankhidwa mwaulemu, makamaka m'dziko limene Frederick Chiluba analilengeza mu 1991 kuti ndi la Chikhristu. Abusa ena amachenjeza kuti munthu akakhuthula maganizo ake amasanduka nyumba yosesedwa yopanda mwini, imene mizimu yoipa imabwerera kudzakhalamo. Chenjezoli lili ndi maziko m'Malembo, koma likuphonya pang'ono, chifukwa woyang'anira mpweya sakhuthula kanthu. Amaima pakhomo ngati mlonda, naona aliyense wolowa. Ndipo ulonda wotere si wachilendo mu Mpingo, ndiponso unakulira pa nthaka ya Africa. Antoni wa ku Egypt, amene anamwalira mu 356, ndi anzake a m'chipululu anaphunzitsa kudikira pa khomo la mtima. Evagrius anandandalika maganizo asanu ndi atatu amene amazinga wopemphera, nalangiza kuwazindikira akamafika. Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anafufuza kukumbukira kwake mpaka anavomereza kuti iye mwini wadzisandukira funso. Ndipo Ajezuiti, amene anafika ku Kasisi ndi ku Chikuni mu 1905, amaphunzitsa kudzisanthula madzulo alionse monga anawasiyira Ignatius wa ku Loyola. Mneneri Eliya sanam'peze Yehova m'mphepo yaikulu kapena m'moto, koma m'kachetechete. Kusiyana kwenikweni kuli kumapeto kwa ulendo: Mkhristu, monganso Msilamu, amakhala chete pamaso pa Mlengi amene amudziwa ndi dzina, nayembekeza kuti mzimu wake udzaima pa chiweruzo, koma wotsata Buddha sayembekeza Mlengi kapena mzimu wosafa. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo wokumata ndi dothi salemekeza mbali iliyonse. Koma kuwerenga mpweya pakokha sikukakamiza munthu kusankha, monga kusala kudya sikusandutsa Mkhristu kukhala Msilamu.

Pali zoopsa zina zimene ogulitsa mwambowu satchula kawirikawiri. Willoughby Britton ndi Jared Lindahl a ku Brown University anafalitsa mu 2017 umboni wa anthu amene kusinkhasinkha kunawadzetsera mantha, kusowa tulo, kubwerera kwa zoopsa zakale, ndi kudzimva ngati iwo eni kapena dziko si zenizeni. Kwa mmonke wokhala ndi mphunzitsi pafupi, kusungunuka kwa ine kungakhale khomo; kwa mtsikana wogwiriridwa, kapena mnyamata amene mutu wayamba kale kusokonezeka, ali yekha m'chipinda ndi foni, kungakhale dzenje, ndipo wotere afunika dokotala, kaya wa pachipatala chapafupi kaya wa pachipatala cha matenda a maganizo ku Chainama. Ku Britain kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, wa ana a sukulu oposa 8,000, anapeza mu 2022 kuti kuphunzitsa mwambowu m'kalasi kwa onse sikunapose maphunziro a masiku onse, ndipo ana ambiri sanauchite n'komwe kunyumba. Chinanso chimandivuta koposa: Buddha anaika kukhala tcheru ngati gawo limodzi chabe mwa magawo asanu ndi atatu a njira yake, pamodzi ndi kulankhula zoona, kuchita zolungama ndi kupeza chakudya mwa njira yosapweteka ena, ndipo anakhazikitsa gulu la okhalira pamodzi; foni yasunga gawo limodzilo nitaya enawo. Bwana amene auza antchito ake kuti apume mozama pamene malipiro awo achedwa miyezi itatu wasandutsa mankhwala kukhala chotseka pakamwa. Namasupuni akadzaza pamtsinje, msodzi wodekha amamuona bwino kuposa waphuma. Koma kumuona sikumuchotsa, pafunika anthu ambiri ndi zikwanje. Nchifukwa chake ndimalemekeza zimene Dixon Chibanda anayamba ku Mbare mu Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki namvetsera ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Pamenepo kutchera khutu, kumene wosinkhasinkha amadzichitira yekha, munthu amachitira mnzake.

Tsiku loti muphwa wanga abwerere ku Lusaka ndinadzuka kusanache, ndipo potuluka ndinawapeza awiri pamkeka uja. Foni inali yozima. Mwanayo anakhala monga mwa masiku onse, maso atatsinzina. Agogo ake anakhala pambali pake atafunda chitenje chifukwa cha chisanu, buku lawo lanyimbo lili pamiyendo losatsegula, milomo ikugwedera pang'ono. Amene anaitana mnzake sindinafunse. Nkhungu inali itaphimba mtsinje, ndipo kutali sitima ya katundu inalira ikuyandikira mlatho. Onse awiri anaimva, pakuti ndinaona mitu yawo ikupendekera komweko, koma palibe anatsegula maso. Patapita nthawi agogowo anakhudza bondo la mdzukulu wawo, nati, "Tiye, mayi, tikatereke madzi, basi ingakusiye." Anamutcha mayi chifukwa mwanayo anapatsidwa dzina la amayi awo.